Mankhwala akhale pamiyendo: zolongedza popita ndi ana ku paki ya zisangalalo

Chaka chimene tinapita ndi ana ku Gold Reef City ndinalongedza mankhwala ngati namwino weniweni. Panado wa ana, mapulasitala, pampu ya mphumu ya mwana wa mchemwali wanga, zonse m'kachitini kotsekeka bwino. Kenako kachitiniko ndinakaika m'sutukesi yaikulu, anyamata a basi n'kuiponya m'ngolo yakumbuyo, pamwamba pake n'kusanjikizapo matumba a anthu ena. Titadutsa Masvingo, usiku utakula, thupi la wamng'ono linayamba kutentha. Mankhwala ndinali nawo, koma anali kuseri kwa loko, ndipo adalaivala anati ngoloyo satsegula mpaka pa malire a Beitbridge. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Mabvuku amene tinayandikana naye mpando, yemwe anangopisa m'kachikwama ka m'manja n'kutulutsa botolo. Pondipatsa anaseka, nati, "Achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno." Zimene ndikulemba pano zinayambira usiku umenewo.

Ife a kuno ku Harare tikati paki ya zisangalalo, nthawi zambiri timanena za ku Joni. Gold Reef City ili kum'mwera kwa Johannesburg, pamalo pamene kale panali mgodi wa golide, moyandikana ndi Apartheid Museum. Ena amapitirira mpaka ku Sun City kukasambira pa Valley of Waves, ena ku uShaka Marine World ku Durban. Kuchoka pa Roadport, pokwerera mabasi ku Harare, kukafika ku Johannesburg ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,100, ndipo pakati pake pali mzere wa pa malire umene palibe amene angakuuzeni kuti utha nthawi yanji. Choncho mukamalongedza musamangoganiza za tsiku lokwera zozungulira lija. Mavuto ambiri amene amaonekera pa paki amakhala atayambira m'basi: mwana wosagona, wosamwa madzi, amene wadya zogula pawindo.

Yambani ndi anthu, sitolo ibwere pambuyo

Kukadali milungu iwiri, khalani pansi ndi pepala, mulembe mayina a onse amene akupita. Pambali pa dzina lililonse lembani matenda amene munthuyo ali nawo, mankhwala amene amamwa, nthawi imene amamwera, ndi zimene thupi lake limadana nazo, kaya ndi mtedza, nsomba, mazira, penisilini kapena mbola ya njuchi. Musadumphe agogo chifukwa chakuti iwo anena kuti ali bwino. Agogo onse amakhala ali bwino mpaka pamene mapiritsi a BP atsala patebulo ku Mufakose.

Ngati mukutenga mwana wa mbale wanu, funsani amake maso ndi maso, osati kudzera mwa mwanayo. Funsani ngati amagwa khunyu, ngati amabanika usiku, ngati pali mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku. Funso lomalizali funsani muli awiri, mwaulemu, chifukwa pali ana amene ali pa ma ARV koma m'banja akudziwa ndi anthu ochepa, ndipo kholo likhoza kuchita manyazi n'kungomupatsira mwanayo mapiritsi m'thumba. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene waona chokwera chotchedwa Anaconda chikuuluka pamwamba pa mutu wake sangakumbukire nthawi ya mankhwala. Amene muyenera kukumbukira ndi inu.

Ana onse muwayeze pa sikelo, mulembe makilogalamu awo papepala lomwelo. Muyezo wa mankhwala a ana umatsata kulemera kwa thupi kuposa zaka, ndipo pakati pa usiku m'basi si nthawi yoyerekeza.

Mukatero pitani ku kiliniki kapena kwa dokotala wanu. Nenani kuti muli ndi ulendo wa masiku angati, mupemphe mankhwala okwanira masiku onsewo ndi ena a mlungu umodzi pamwamba. Basi imawonongeka, malire amatseka, mwana amadwala n'kuchedwetsa ulendo wobwerera. Pemphaninso kalata yachidule kapena pepala la mankhwala lolembedwa mayina enieni a mankhwalawo. Dzina la pabokosi limasiyana malinga ndi kampani, koma mukanena kuti amlodipine, metformin kapena salbutamol, wogulitsa mankhwala aliyense ku South Africa akumvetsani. Jambulani kalatayo pa foni, koma pepalalo mulitengenso. Foni imatha moto.

Amene muli pa medical aid, imbani mufunse ngati imagwira ntchito kunja kwa Zimbabwe, ndipo ngati ayi, funsani mtengo wa inshuwalansi ya paulendo. Zipatala zolipira za kumeneko n'zabwino, koma zimafuna ndalama patsogolo kwa munthu wochokera kunja. Za zikalata za ana sindichulukitsa mawu: mapasipoti, zikalata za kubadwa, ndi kalata yovomereza yosainidwa ndi kholo limene latsala ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali. Khadi la kusikelo la khanda liikeni pamodzi ndi zimenezi.

Zogula

Gulani ku famase yovomerezeka. Mapiritsi a mumsewu amene akhala padzuwa tsiku lonse pa kabokosi ndi otchipa, inde, koma simudziwa chimene chili m'katimo. Onani tsiku lothera mphamvu pa chilichonse, ngakhale pa zimene muli nazo kale m'kabati.

Choyamba ndi paracetamol, amene tonse timangoti Panado. Wamadzi wa ana nthawi zambiri amakhala 120 mg pa 5 ml iliyonse, ndipo muyezo wake ndi 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pakadutsa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira kanayi pa tsiku. Ndiye kuti mwana wa makilogalamu 16 angamwe mpaka 10 ml pa nthawi imodzi. Werengani botolo lanulo, chifukwa pali ena amphamvu kuposa pamenepa. Werengerani muyezo wa mwana aliyense muli kunyumba, muulembe papepala lija, ndipo mutenge kasirinji kapena kakapu koyezera. Supuni ya kukhitchini imanama. Akuluakulu asapitirire mapiritsi asanu ndi atatu a 500 mg pa tsiku, ndipo mukumbukire kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol m'kati, kotero kuphatikiza ziwirizi n'kuvulaza chiwindi. Aspirin musapatse mwana wosakwana zaka 16. Ibuprofen amathandiza pa ululu, koma amamwedwa munthu atadya, ndipo si wabwino kwa mwana amene watha madzi m'thupi, kwa wodwala zilonda za m'mimba kapena mayi woyembekezera. Ena a mphumu amawabanikitsa.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiika pamwamba pa zonse, ndi timapaketi ta ORS. Abale ochokera ku Malawi amangoti Thanzi. N'topepuka, sitidula, ndipo kutsegula m'mimba ndiye matenda a paulendo. Tengani tambiri, osachepera tiwiri pa munthu aliyense, ndipo musungunule m'madzi a muyezo umene walembedwa pa paketipo. Tikakutherani, njira imene tinaphunzitsidwa m'makiliniki a kuno ikadalipo: madzi aukhondo 750 ml, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Lawani musanapatse mwana. Asawawe mchere kuposa misozi. Pambali pake tengani mapiritsi a zinc a ana, amene amaperekedwa kwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale m'mimba mutaleka. Mapiritsi oimitsa m'mimba aja a loperamide ndi a akuluakulu okha, ndipo ngati m'chimbudzi muli magazi kapena thupi latentha, asamwe aliyense. Pamenepo ndi pa chipatala. Ife amene tinaona kolera ya 2008, ndi ija ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro, sitifunika kuuzidwa kawiri mmene madzi amathera msanga m'thupi la mwana.

Za chizungulire ndi nseru, funsani ku famase mutatchula zaka za mwanayo. Alipo mankhwala monga cyclizine ndi cinnarizine, koma aliwonse ali ndi msinkhu wake woyambira, amagonetsa, ndipo amagwira bwino akamwedwa ulendo usanayambe, osati mwana atayamba kale kusanza. N'ngothandiza m'basi. Pa paki sindimawakonda, chifukwa mwana wosinza pa masitepe aatali kapena m'madzi ndi ngozi. Maswiti a jinja amathandiza ena. Chimene sichilephera ndi timapepala tapulasitiki topanda zibowo, chovala chosinthira ndi kansalu konyowa.

Wa ziwengo mutengereni cetirizine kapena loratadine, amene sagonetsa kwambiri. Allergex amene tinazolowera amagwira, koma amagonetsa, choncho ndi wa usiku. Onjezani mafuta opaka polumidwa ndi tizilombo.

Kenako za mabala: mapulasitala a misinkhu yosiyanasiyana, ochuluka kuposa mmene mukuganizira, bandeji imodzi yotamuka ya wobinya mwendo, thonje kapena kansalu koyera kophimbira bala, kabotolo ka Betadine kapena Savlon, kasizasi, ndi choyezera kutentha kwa thupi. Vaseline musamuiwale. Amathandiza milomo yong'ambika, ntchafu zokhulana poyenda tsiku lonse, ndi chidendene chimene nsapato yayamba kudya. Sopo wamng'ono, sanitaiza, pepala la kuchimbudzi, mapadi a amayi ndi a atsikana ngakhale tsiku lisanakwane, matewera owirikiza kawiri muyezo wa masiku onse.

Pali zina zoti zitsale. Maantibayotiki otsala a matenda a chaka chatha atsale. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine atsale, chifukwa mukudziwa mmene mabotolo amenewa avutitsira achinyamata athu m'malokeshoni muno, ndipo pa malire amawayang'ana ndi diso lina. Mankhwala achikuda a ufa omangidwa m'kapepala kopanda dzina, ngakhale apongozi atalimbikira bwanji, aganizireni kawiri. Wapolisi wa pa Beitbridge sadziwa kuti ndi a m'mimba. Mapiritsi onse akhale m'mabokosi awo enieni, osati osakanizidwa m'botolo limodzi kuti asadye malo.

Dzuwa silisankha khungu

Apa ndiima pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timatsutsana. Pali chikhulupiriro chakuti ife akhungu lakuda mafuta oteteza ku dzuwa sakutikhudza. N'zoona kuti sitipsa msanga, koma timapsa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa Harare amene ali cha m'ma 1,500, ndipo pamalo okwera chonchi dzuwa limaluma kwambiri ngakhale kunja kukuzizira. Pa paki mwana amaima pamzere wopanda mthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mawa lake mapewa ndi mphuno zimasupuka, mutu ukuwawa, iye osafuna kudya.

Gulani mafuta a SPF 30 kapena kuposa; SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa. Pakani musanatuluke m'nyumba, mubwerezenso pakadutsa maola awiri ndiponso akangotuluka m'madzi. Makutu, khosi lakumbuyo, ndi dazi la abambo. Mwana wachialubino amafunika SPF 50, chipewa cha mlomo waukulu, malaya a manja aatali ndi magalasi a dzuwa, ndipo masana enieni azikhala pamthunzi. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisakhale padzuwa n'komwe. Aliyense akhale ndi chipewa, makamaka chokhala ndi chingwe, chifukwa zopanda chingwe zimathera m'malere.

Ngati mukupita pa holide ya Ogasiti, kumbukirani kuti m'mawa ku Joni kumazizira mofika m'mafupa, ndipo mpweya umakhala wouma moti ana ena amatuluka kamfuno. Mukapita mu Disembala, yembekezerani mvula ya mabingu masana. Ziphaliwali zikayamba, zokwera zazitali amaziimitsa. Majasi apulasitiki opepuka aja amathandiza pa mvula komanso pa zokwera zam'madzi, zimene zimasiya mwana ali chinyowere mpaka madzulo.

Zikwama zitatu

Usiku woti mawa ndi ulendo, yalani zonse pabedi, muzigawe patatu.

Kachikwama koyamba ndi ka pamiyendo. Sikachoka m'manja mwanu, ngakhale potsika kukadinditsa mapasipoti. M'menemo mukhale mankhwala onse a tsiku ndi tsiku a aliyense, pampu ya mphumu, Panado, ORS, choyezera kutentha, timapepala tosanziramo, zopukutira ndi pepala la mayina lija. Onse, osati theka. Sutukesi ikhoza kusochera kapena kutsitsidwa ku Polokwane ndi munthu amene ali ndi yofanana nayo.

Insulin amafuna chisamaliro chake. Wosatsegula amasungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo amene mwayamba kugwiritsa ntchito amatha kukhala kunja kwa fuliji pafupifupi milungu inayi ngati sakutenthedwa kupitirira madigiri 30. Beitbridge mu Disembala imapitirira pamenepo mosavuta. Muikeni m'kachikwama kosunga kuzizira, koma mumukulunge kansalu kuti asakhudzane ndi ayezi, chifukwa insulin akaundana watha ntchito. Wodwala shuga akhalenso ndi maswiti kapena timapaketi ta shuga m'thumba la malaya, ndipo wina pa gulupo adziwe zizindikiro za shuga wotsika: kunjenjemera, thukuta, kulankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa.

Chachiwiri ndi cha m'sutukesi: zotsala zonse, matewera ambiri, mabotolo aakulu, mafuta othamangitsa udzudzu owonjezera. Chachitatu ndi kachikwama kakumsana kolowa nako m'paki, kamene muzikadzaza m'mawa uliwonse kuchokera m'ziwiri zinazo.

Okwera ndege kuchokera pa Robert Gabriel Mugabe International kupita ku OR Tambo, ulendo wanu sukwana maola awiri, koma lamulo ndi lomweli: mankhwala m'manja. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zisapitirire 100 ml botolo lililonse. Mankhwala ndi mkaka wa khanda amaloledwa mukawaonetsa poyera, ndipo kasizasi kapite m'sutukesi. Khanda liyamwe ndege ikamanyamuka ndi potera, kuti makutu asawawe.

Ndipo chitenje, chimene anzathu kuno amati zambia. Tengani ziwiri. N'chofunda m'basi, mphasa pa malire, mthunzi pa mzere, chopukutira, choberekera mwana wotopa, chomangira mkono wovulala. Palibe chinthu cha ku famase chimene chimagwira ntchito zochuluka chonchi.

M'basi ndi pa malire

Cholakwa chachikulu chimene makolo timachita ndi kuwamana ana madzi kuti asavutitse za kuchimbudzi. Ndikumvetsa. Basi imaima pamene adalaivala afuna, osati pamene mwana wapanikizika. Koma mwana amene wakhala maola khumi ndi asanu osamwa amafika ali ndi mutu, wadzimbidwa, ndipo mawa lake padzuwa ndi amene amayamba kufooka. Apatseni pang'onopang'ono, pafupipafupi, ndipo basi ikaima aliyense apite kuchimbudzi, kaya akufuna kaya sakufuna. Agogo amene amamwa mapiritsi a BP okodzetsa aja asawadumphe mwa okha poopa ulendo. Afunse ku kiliniki ngati angasinthe nthawi yomwera. Akulu onse, makamaka amayi oyembekezera, azitsika n'kuyendayenda basi ikaima, ndipo ali pampando azigwedeza mapazi kuti magazi aziyenda.

Kamba wa panjira akhale wosavunda msanga: buledi, chiponde, nthochi, maapozi, mtedza wokazinga, mabisiketi. Nkhuku ndi mpunga zimene mwaphika m'mawa zidyedwe m'maola oyamba, zisadikire kutentha kwa ku Beitbridge. Musachulutse zipatso ndi nyama, chifukwa pa malire akhoza kukulandani. Manja asambidwe asanadye chilichonse. Pa mzere wa mapasipoti aliyense amagwira zitsulo zomwezo.

Chigwa cha Limpopo n'chotsika ndi chotentha, ndipo nyengo ya mvula kumakhala malungo. Johannesburg kulibe, Sun City kulibe, mumzinda wa Durban kulibe, koma mukhoza kukhala usiku wonse panja pa malire udzudzu ukudya. Ana okulira mu Harare matupi awo sanazolowere malungo ngati a kumudzi ku Nsanje kapena ku Nkhotakota. Dzuwa likamalowa avale zazitali manja ndi miyendo, muwapake mafuta othamangitsa udzudzu.

Ngati n'kotheka, musapite ku paki tsiku lomwe mwafika. Gonani kaye. Tikiti ndi yodula kwambiri kuti mukaigwiritse ntchito ndi ana olira.

Tsiku lenilenilo

Musananyamuke, onani pa intaneti kapena imbani kuti mudziwe masiku otsegula ndi zimene amalola kulowa nazo. Malo ambiri otere salola zakudya ndi zakumwa zochokera kunja, koma chakudya cha khanda ndi cha munthu wodwala amamvetsa mukafotokoza pa geti. Kalata ya dokotala ija imathandizanso pamenepa.

Ana adye chakudya cham'mawa chopepuka koma chogwira m'mimba. Avale nsapato zotseka zimene anazizolowera. Ndikudziwa kuti mwawagulira zatsopano za ulendowu, ndipo akufuna kujambulitsa nazo, koma nsapato yatsopano pa tsiku loyenda maola asanu ndi atatu imabala matuza isanakwane 12 koloko. Ngati zatsopanozo n'zosapeweka, ayambe kuzivala kunyumba mlungu wathunthu. Mwana akangoti chidendene chikuwotcha, matani pulasitala pomwepo thuza lisanatuluke. Likatuluka musaliboole, liphimbeni.

Jambulani mwana aliyense pa foni m'mawa umenewo, ndi zovala zimene wavala. Lembani nambala ya foni pamkono pake ndi cholembera chosafufutika, ndipo ikhale nambala imene ikugwira ntchito ku South Africa, kaya yanu kaya ya mbale amene mukugona kwawo. Ya Econet imene ili chete m'thumba sithandiza. Wa mphumu, wa khunyu kapena wa shuga mumulembere zimenezo pa kakhadi ka m'thumba, m'Chingerezi. Mukangolowa, funsani pamene pali chipinda cha chithandizo choyamba, muwaonetse ana yunifomu ya ogwira ntchito, mugwirizane malo okumanira wina akasowa. Sungani pa foni manambala awa: 112 pa foni ya m'manja, 10177 ya ambulansi, 10111 ya polisi.

Zikwangwani za pa zokwera muziwerenge. Muyezo wa kutalika kwa mwana si nkhanza za alonda: chitsulo chomangira chija chinapangidwira thupi la msinkhu winawake, ndipo wamng'ono akhoza kupulumukamo n'kugwa. Musamuuze kuti anyang'ame. Chimodzimodzi chenjezo la amayi oyembekezera, odwala mtima, BP, msana ndi khosi. Malume amene akufuna kuonetsa adzukulu kuti iwo ndi mwamuna pa Tower of Terror, pamene m'mawa amwa mapiritsi atatu, muwapatse ntchito yosunga zikwama. Ndi udindo wolemekezeka. Wa khunyu apewe malo a magetsi othwanima ngati ndi amene amamuyambitsa, ndipo m'madzi asalowe yekha.

Zozungulira kwambiri zikhale asanadye, kapena patapita ola atadya. Wina akatsika ali ndi chizungulire, akhale pansi pamthunzi, ayang'ane chinthu chakutali chosayenda, amwe madzi pang'ono. Zimatha zokha.

Madzi ndiye nkhani ya tsiku lonse. Mwana amene akusangalala samva ludzu, choncho musadikire kuti apemphe. Ikani lamulo lakuti akatsika pa chokwera chilichonse, amwe. Zakumwa zashuga sizilowa m'malo mwa madzi, ndipo zimaitana njuchi: suzumirani m'chitini musanamwe. Chizindikiro chosavuta ndi mkodzo. Ukakhala wachikasu kwambiri, kapena mwana wakhala theka la tsiku osakodza, madzi achepa. Akayamba kufooka, mutu, nseru, khungu lonyowa ndi lozizira, mupite naye pamthunzi, mumumasule zovala, mumupukute ndi chitenje chonyowa, mumupatse ORS. Akapanda kusintha pakatha theka la ola, kapena akayamba kusokonezeka mutu, kukomoka, thupi kutentha ngati moto, musayesenso zanu. Itanani a chithandizo.

Zing'onozing'ono zina ndi izi. Wa kamfuno akhale tsonga, aweramire kutsogolo, mumutsine pofewa pa mphuno kwa mphindi khumi osasiya. Kumugoneka chagada n'kumumwetsa magazi. Wopsa ndi chitsulo chotentha kapena tiyi, madzi ozizira a pampopi kwa mphindi makumi awiri, osati Colgate, osati dzira. Mbola ya njuchi muipale ndi khadi, muikepo chozizira. Koma milomo kapena nkhope ikayamba kutupa, kapena kupuma kukayamba kuvuta, imeneyo ndi ya ambulansi nthawi yomweyo. Mwana amene wamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza kapena kusinza modabwitsa akaonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Masana, cha m'ma 1 koloko, pumulani ola lathunthu pamthunzi ngakhale ana akane. Ndiyo nthawinso yopakanso mafuta, kuona mapazi, ndi kukumbutsa a mankhwala a masana. Ikani alamu pa foni, chifukwa m'phokoso lija nthawi imathawa.

Ku mapaki a madzi onjezani izi: matewera osambira nawo a khanda, nsapato zam'madzi chifukwa simenti imawotcha mapazi, ndi thaulo la aliyense. Mwana amene akutsegula m'mimba asalowe m'dziwe, chifukwa cha ana a anzanu. Pa dziwe la mafunde ngati la ku Valley of Waves, wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito imodzi yokha, kuyang'ana ana, foni ili m'chikwama, ndipo muzisinthana. Mwana womira sakuwa ngati mmene timaganizira. Amangoti zii. Akatuluka apendeketse mutu kuti madzi atuluke m'makutu, asambe ndi madzi abwino.

Amene chaka chino thumba silikulola za ku Joni, kachikwama kakumsana komweka n'kamene mutenge popita ku Show, chionetsero cha zaulimi cha ku Harare, kumapeto kwa Ogasiti pa Exhibition Park, kumene ana amakakwera za ku Luna Park. Kumeneko mdani ndi fumbi, mphepo ndi khamu la anthu, choncho pampu ya mphumu ndi nambala ya pamkono zikhale patsogolo.

Pobwerera

Usiku womaliza dzazaninso kachikwama ka pamiyendo musanayambe kulongedza zogula. Ulendo wobwerera ndi umene umavuta kwambiri, chifukwa aliyense watopa, katundu wachuluka, ndipo pa malire pamachedwa kuposa popita. Ngati ORS kapena Panado wachepa, gulani musanakwere basi. Werengani mapiritsi a agogo muone ngati akukwanira mpaka kunyumba ndi masiku awiri apadera.

Mukafika ku Harare, lembani pa kalendala tsiku limene munadutsa pa Beitbridge. Malungo saonekera pompopompo. Amatenga mlungu umodzi kapena iwiri, nthawi zina kuposa. Wina aliyense wa pa ulendowo akatentha thupi m'milungu yotsatira, musangomupatsa Panado n'kunena kuti ndi kutopa kwa ulendo. Pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo musanafunsidwe n'komwe, muwauze anamwino kuti, "Tinagona pa malire, muyezeni malungo."